Chaka cha 2024 chinadutsa, nanga Data anatinamiza?

Monga mwa nthawi zonse, zimene ndikuyankhula zalembedwanso pano, ndiye inu amene mukuphunzira Chichewa mutha kumamvera uku mukuwerenga. Liwu likakuvutani imitsani kaye, bwererani m'mbuyo, palibe akukuthamangitsani.

Lero tikamba za masewero a pa TV a nkhani zopeka za sayansi, aja a zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Funso lathu ndi ili: sewero likayamba kalekale, kenako patapita zaka 50 kapena 60 anthu ena n'kudzalipitiriza, kodi atsopanowa ali ndi ngongole yanji kwa akale aja? Ayenera kusunga chilichonse mmene chinalili, kapena ali ndi ufulu wosintha? Anthu amakangana zedi pa nkhani imeneyi, mpaka ena kusiya kuyankhulana. Tiyambire pachilumba chathu chino, chifukwa chitsanzo chabwino kwambiri chili pakhomo pomwepa.

Mu Januwale 1990, ku America anaonetsa gawo la Star Trek: The Next Generation lotchedwa The High Ground. M'gawo limeneli Data, loboti yooneka ngati munthu ija, akukambirana ndi Kaputeni Picard ngati zachiwawa zinayamba zabweretsapo kusintha kwa ndale. Data akupereka zitsanzo za m'mbiri, ndipo chimodzi mwa izo ndi kugwirizana kwa Ireland kukhala dziko limodzi m'chaka cha 2024. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo ku Northern Ireland kunali kukuphulikabe mabomba, pa mkangano umene unapha anthu pafupifupi 3,500. Chiganizo chimodzi chokhacho chinali chokwanira kuti BBC ilidumphe gawolo, ndipo inadzalionetsa mu 2007. RTÉ nayo, wailesi ya kanema ya dziko lino, sinalionetse pa nthawi imeneyo.

Tsono 2024 inafika n'kudutsa. Mtendere unabwera kudzera m'pangano la Good Friday la pa 10 Epulo 1998, limene limati zigawo ziwirizi zingagwirizane pokhapokha anthu atavota kuti akufuna zimenezo. Mu Febuluwale 2024 a Michelle O'Neill a chipani cha Sinn Féin anakhala nduna yoyamba ku Northern Ireland, koma malire alipobe. Mukakwera sitima pa Connolly Station kupita ku Belfast, mukangodutsa Dundalk n'kufika ku Newry, euro ija yasanduka paundi. Ndipo chosangalatsa, sitima imeneyi dzina lake ndi Enterprise. Musati anatengera ku sewero ayi, dzinali inapatsidwa mu 1947, Star Trek isanabadwe n'komwe.

Ndiye Data ananama? Gwirani kaye funsolo. Tiyambe talongosola mawu awiri amene okonda masewerowa amagwiritsa ntchito. Loyamba ndi canon. Liwuli linachokera kutchalitchi, kumene limatanthauza mabuku amene anavomerezedwa kukhala m'Baibulo. Pa masewero, canon ndi zinthu zonse zimene zimatengedwa kuti zinachitikadi m'kati mwa nkhaniyo. Lachiwiri ndi continuity, kumene ndi kugwirizana kwa nkhani: zimene zanenedwa lero zisatsutsane ndi zimene zinanenedwa dzana.

Chimene chimavutitsa Star Trek n'chakuti masewero ake sanapangidwe motsata zaka za m'nkhani. Tamverani. Sewero loyamba, la Kirk ndi Spock, linayamba pa 8 Seputembala 1966, ndipo nkhani yake imachitika cha m'ma 2266. The Next Generation inayamba mu 1987, nkhani yake mu 2364. Deep Space Nine inabwera mu 1993, Voyager mu 1995, zonsezi zikupita kutsogolo bwinobwino. Kenako mu 2001 Enterprise inabwerera m'mbuyo mpaka 2151. Mu 2017 Discovery inayambira mu 2256, zaka khumi Kirk asanaonekere. Mu 2022 Strange New Worlds inayambira mu 2259, pa chombo chomwe chija cha Enterprise. Mwaona vuto lake? Zili ngati mdzukulu akulemba nkhani ya ubwana wa agogo ake, pamene agogowo analemba kale ya ukalamba wawo, ndipo mudzi wonse unaiwerenga.

Ine ndimaona kuti kusagwirizanaku kulipo kwa mitundu itatu, ndipo mikangano yambiri imabwera chifukwa timaisakaniza ngati nyemba ndi chimanga m'thumba limodzi.

Mtundu woyamba ndi wa maonekedwe. Mu 1967 a Klingon anali anthu wamba odzola zodera kumaso, a ndevu ndi nsidze zikuluzikulu, chifukwa ndalama zopangira sewero zinali zochepa. Mu filimu ya 1979 anangotulukira ndi zipumi zokhala ndi timapiri ngati msana wa ng'ona, popanda wofotokoza chilichonse. Mu 1996, pokumbukira kuti patha zaka 30, Deep Space Nine inapanga gawo lotchedwa Trials and Tribble-ations, mmene anthu ake akubwerera ku nthawi ya Kirk. Akhala pomwera zakumwa, akuona a Klingon a zipumi zosalala, onse maso kwa Worf, amene ndi m'Klingon wa timapiri. Worf akungoyankha kuti nkhani imeneyo sakambirana ndi alendo. Basi, yatha. Anthu anaseka, ndipo kwa ine yankho limenelo linali lokwanira. Koma mu 2005 Enterprise inatha magawo awiri athunthu ikufotokoza kuti kunali kachilombo kamene kanasalaza zipumizo. Chabwino. Ndiye mu 2017 Discovery inawasinthanso, n'kuwameta mpala, mkangano n'kuyambiranso pomwe unayambira.

Chimodzimodzi makompyuta. Pa chombo cha Kirk pali mabatani a mitundumitundu ndi timagetsi tothwanima. Pa chombo cha Strange New Worlds, chimene m'nkhani ndi chomwecho koma zaka zingapo m'mbuyo, pali masikirini oposa a foni imene ili m'thumba mwanu. Ena amati zimenezi n'zosatheka. Ine ndimati amenewa ndi penti chabe. Nyumba ya kumudzi mukaichotsa udzu n'kuikhoma malata, imakhalabe ya agogo omwe aja.

Mtundu wachiwiri ndi wa zaka zimene kalendala yeniyeni yazipeza. Apa ndi pamene pali Data ndi 2024 yake. Sali yekha. Mu 1995 Deep Space Nine inanena kuti mu Seputembala 2024 kudzakhala zipolowe ku San Francisco, m'dera lotchingidwa ndi mpanda limene boma linatsekeramo anthu osowa pokhala ndi osowa ntchito. Wamkulu wa onse ndi Khan. Mu 1967, gawo lotchedwa Space Seed linati Khan, munthu wopangidwa mwasayansi kuti akhale ndi mphamvu ndi nzeru zoposa anzake, analamulira gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a dziko lapansi kuyambira 1992 mpaka 1996. Kwa wolemba wa mu 1967, zaka zimenezo zinali kutali. Koma makolo athu akuzikumbukira bwino: kalata ya mabishopu mu 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, chisankho cha 1994. Za Khan palibe anazimva pa MBC. Ngakhale Voyager itapita ku Los Angeles ya mu 1996, inapeza anthu akungoyenda m'mbali mwa nyanja, nkhondo kulibe.

Mu 2023 Strange New Worlds inayesa kukonza zimenezi. La'an, amene ndi wa mtundu wa Khan, akubwerera ku Toronto ya masiku athu ano n'kupeza Khan akadali kamwana. Kazitape wa chi Romulan akudandaula kuti zonsezi zimayenera kuchitika mu 1992, koma chifukwa cha anthu oyendayenda m'nthawi, zaka zakhala zikusuntha. Mfundo yake njakuti tsiku litha kusuntha koma chochitikacho chimabwerabe, monga amanenera akuluakulu kuti madzi saiwala khwawa.

Ife olemba mapulogalamu a kompyuta vuto limeneli timalidziwa bwino. Ukalemba tsiku lenileni m'kati mwa code, dziwa kuti watchera msampha umene udzakole munthu wina mtsogolo. Ndi zimene zinachitika pofika chaka cha 2000, pamene mapulogalamu akale ankasunga chaka ndi manambala awiri okha, ndipo pa 19 Januwale 2038 pakubweranso vuto lina lofanana nalo kwa makina amene amawerenga masekondi mwa njira yakale. Amene anayambitsa Star Trek anali ochenjera poyamba. Anapeka kawerengedwe kawo ka masiku kotchedwa stardate, manambala osalozera ku kalendala iliyonse, n'cholinga choti asadzimange. Vuto linkabwera wolemba wina akafuna kudabwitsa oonera potchula chaka chimene iwo angadzachione ndi maso.

Choncho yankho langa ndi lakuti Data sanatinamize. Wolemba gawo lija, a Melinda Snodgrass, sankalosera ngati mneneri. Ankayankhula ndi anthu a mu 1990 za mantha ndi chiyembekezo cha mu 1990. Chaka cha 2024 chinangotanthauza kuti mtsogolo ndithu, koma si kutali kwambiri, ana anu adzakhala alipo. Ndipo za San Francisco zija, ngakhale zipolowe za Seputembala sizinachitike, aliyense amene wafunapo chipinda cha lendi mu Dublin muno, kapena waona matenti m'mbali mwa Grand Canal, akudziwa kuti gawo lija silinaphonye kwenikweni.

Mtundu wachitatu ndi umene ine ndimauona kuti ngofunika: zimene zinachitikira anthu a m'nkhani. Pano ndipereka zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi cha mnzathu wa mumzinda uno. A Colm Meaney, obadwira ku Dublin, anasewera ngati Miles O'Brien m'magawo opitirira 200 a The Next Generation ndi Deep Space Nine. Poyamba mu 1987 analibe ngakhale dzina, anangokhala munthu wokhala pa mpando wowongolera chombo. Udindo wake unkasinthasintha: pena tizizindikiro ta pakolala tikusonyeza kuti ndi ofisala, kenako nkhani n'kukhazikika kuti si ofisala ayi, ndi mmisiri amene anakwera chifukwa cha ntchito ya manja ake. Okonda kuwerenga tizizindikiro amadandaula mpaka lero. Koma taonani chimene sichinasinthe. O'Brien anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi a Cardassian, ndipo chilonda cha mumtima chimene anachitenga kumeneko mu The Next Generation anapita nacho ku Deep Space Nine, kumene ankagwira ntchito pa siteshoni yomangidwa ndi adani ake omwewo. Anakwatira Keiko, anabereka Molly, ndipo banjalo linasamuka naye. Pa nthawi yopuma ankasewera nkhondo ya ku Clontarf ya mu 1014, Clontarf yomweyi ya pa DART. Munthuyo anali yemweyo, ndipo n'chifukwa chake za pakolala zija sitizitengera kumtima.

Chachiwiri ndi Kaputeni Pike. Mu 1966, gawo lotchedwa The Menagerie linamuonetsa atapsa thupi lonse pa ngozi imene anapulumutsa achinyamata ophunzira usilikali. Ali pa mpando wa matayala, sangayankhule, amangoyatsa getsi kamodzi kutanthauza inde, kawiri kutanthauza ayi. Opanga atsopano akanatha kunyalanyaza zimenezi, kapena kupeka mankhwala omuchiritsa. M'malo mwake, mu 2019 Discovery inamuonetsa Pike wa nyonga zake akuona tsogolo limeneli ndi maso ake, n'kulivomereza. Ndiye mu Strange New Worlds yonse tikuona munthu wokonda kuphikira anzake, woseka, koma akudziwa chimene chikumudikira ndiponso kuti akachithawa ena adzafa m'malo mwake. Gawo la mu 1966 lija, limene ena akanaliona ngati chingwe chomanga manja a olemba, ndi limene likupatsa sewero latsopanoli kulemera kwake. Ndipo ukabwerera kukaonera lakale lija, umalimva kuwawa kuposa kale.

Chachitatu ndi Michael Burnham. Discovery itanena kuti Spock anali ndi mlongo wake, mtsikana wamasiye amene makolo a Spock anamulera, anthu anakwiya: zaka 50 zonsezi bwanji Spock sanamutchulepo? Ine zimenezo sizinandivute, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu sizingakuvuteni. Ndani mwa ife sanapitepo kumudzi pa maliro kapena pa ukwati n'kuuzidwa kuti awa ndi achemwali ako, anakulira m'nyumba mwa agogo ako? Kwathu mwana woleredwa pakhomo ndi mwana wa pakhomopo, palibe zofunsa zambiri. Komanso Spock ndi munthu wosaulula za kwawo. Kirk anadziwa kuti kazembe Sarek ndi bambo ake a Spock atawaona kale maso ndi maso, ndipo za m'bale wake Sybok tinazimva mu filimu ya 1989.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi mmene anaitsekera nkhaniyo. Pa mapeto a sizoni yachiwiri mu 2019, chombo cha Discovery chinatumizidwa kutsogolo zaka zopitirira 900, ndipo otsala analamulidwa kuti asadzatchulenso dzina lake. Apa olemba anasesera zinyalala pansi pa mphasa. Kuwonjezera munthu m'banja si vuto. Koma kunena kuti zonse zimene taonera sizoni ziwiri zilibe chotsatira chilichonse kwa otsala, kumeneko ndiye kumuuza woonera kuti misozi yake inapita pachabe.

Ku ntchito kwathu lamulo lake ndi lomweli. Taganizirani app imene mumatumizira ndalama kumudzi. Atha kusintha mtundu wake, kusuntha mabatani, kuilembanso yonse m'kati. Mudandaula masiku awiri, kenako muzolowera. Koma tsiku limene mudzatsegule n'kupeza kuti ndalama zimene munatumiza mwezi watha sizikuonekanso m'mbiri yanu, simudzaikhulupiriranso. Maonekedwe ndi a eni app, koma mbiri ya zimene zinachitika ndi pangano pakati pa iwo ndi inu. Amene mumagwiritsa ntchito Git mukudziwa kuti kutsegula nthambi yatsopano si mlandu. Filimu ya Star Trek ya mu 2009 inachita zomwezo: inanena poyera kuti kuyambira chaka cha 2233 nkhani yagawika pawiri, zakale zili pomwepo, ife tikulowera uku. Mlandu ndi kufufuta mbiri imene anzako akuidalira, osawauza. A Star Wars mu 2014 anasankha njira ina: mabuku ambirimbiri amene anthu anakula nawo anawaika pambali n'kuwatcha Legends. Zinawawa, komabe ananena mosabisa.

Tsono pali sewero lina limene limayenda njira yosiyana kotheratu, Doctor Who ya BBC, imene inayamba pa 23 Novembala 1963. Mu 1966 a William Hartnell, amene ankasewera ngati Doctor, atadwala, olemba anangoti munthu ameneyu amatha kusintha thupi lonse n'kukhala wina. Kusintha kunasanduka mbali ya nkhani. N'chifukwa chake mu 2023 Doctor anatha kukhala Ncuti Gatwa, wobadwira ku Kigali n'kukulira ku Scotland, mwana wa anthu osamuka ngati ife tomwe. Sewero limeneli linafotokozapo kumira kwa Atlantis m'njira zitatu zosiyana, mu 1967, 1971 ndi 1972, ndipo dziko silinathe. Lilinso ndi nthabwala yakale yakuti Doctor akatchula kwawo ku Gallifrey, anthu amamufunsa ngati kumeneko ndi ku Ireland. Mu 2020 anaitenga nthabwalayo n'kuisandutsa nkhani: tinaona mwana wotoledwa panjira kumudzi wina ku Ireland, dzina lake Brendan, amene anakula n'kukhala wa Garda, kenako n'kudziwika kuti zonsezo zinali chophimba cha mbiri yobisika ya Doctor mwiniwake. Koma ngakhale kumeneko anthu anakangana kwambiri, chifukwa gawo lotsatira, The Timeless Children, linasintha chiyambi chenicheni cha Doctor. Za Atlantis anthu anangoseka, koma atakhudza funso lakuti munthuyu ndi ndani ndipo anachokera kuti, moto unabuka.

Doctor Who ilinso ndi vuto limene Star Trek ilibe: mbali ina ya mbiri yake inatayika. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina, ndipo magawo opitirira 90 akusowabe. Ena anapulumuka chifukwa makope ake anagulitsidwa kumaiko akunja, kuphatikizapo Nigeria ndi Zambia. Mu 2013 magawo 9 amene ankasowa anapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria. Tangoganizani, mbiri ya sewero la ku London inasungidwa m'chipinda china ku Africa, pamene eni ake anali ataitaya.

Ku Zambia TV inayamba mu 1961 ku Kitwe, ndiye amene makolo anu ndi a ku Chipata kapena ku Lusaka afunseni, mwina ena anaonerako. Ku Malawi TV ya dziko inayamba mu 1999. Makolo athu ambiri anakula ndi wailesi, akumvera Kapalepale, ndiponso ndi nthano za madzulo. Ndipo m'nthano muli phunziro pa nkhani yathuyi. Wofotokoza akati padangokhala, ife n'kuyankha kuti tili tonse, palibe amaimitsa agogo n'kunena kuti dikirani, dzulo Fisi anafa, lero wadzuka bwanji? Nthano iliyonse imayambira pachiyambi. Chimene sichiloledwa n'chimodzi: Kalulu akhale wochenjera, Fisi akhale wadyera. Mukawasinthanitsa, ngakhale mwana wa zaka zisanu akuuzani kuti mwalakwitsa.

Mbiri ya banja ndiye ina. Funsani agogo kuti anabadwa liti. Ambiri sakupatsani nambala. Akuuzani kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kuyenda, kapena kuti anabadwa chaka chimene Napolo anadutsa ku Zomba, kumene ndi mu 1946. Ngakhale Kamuzu amene, boma linkati anabadwa mu 1906, koma atamwalira mu 1997 zinamveka kuti anali ndi zaka pafupifupi 99. Manambala amasuntha. Koma yesani kusintha kuti ndani anabereka yani, ndani analera ana a malemu, ndani anapereka munda uja. Pamenepo akuluakulu akhala pansi mpaka usiku, chifukwa zimenezo ndi zimene zimanena kuti iwe ndiwe yani ndipo uli ndi udindo wanji kwa anzako. Ife amene tinakulira kunja timaimva mbiri imeneyi m'zidutswazidutswa, pa foni, pa WhatsApp, pa tchuthi cha milungu itatu. Amayi anena zina, azakhali anena zina, zaka sizikugwirizana. Tisataye mtima n'kuganiza kuti wina akunama. Tizifunsa kuti chinachitika n'chiyani, chinachitikira yani, ndipo chinasintha chiyani.

Muyeso womwewo ndi umene ine ndimayezera sewero latsopano. Sinthani zovala, sinthani zipumi, sunthani chaka ngati kalendala yakupezani. Koma amene anafa akhale atafa, kapena kubwerera kwake kukhale ndi mtengo wake. Amene anavulala akhale ndi chipsera. Ndipo pamene akale anasiya mpata, lowanipo mwaulemu. Chitsanzo chabwino ndi Uhura. Dzina lake linachokera ku liwu la Chiswahili lakuti uhuru, limene ndi ufulu m'Chichewa chathu. Malemu Nichelle Nichols anamusewera kuyambira 1966, pa nthawi imene mkazi wakuda wa udindo wotero sankaoneka kawirikawiri pa TV ya ku America, koma olemba sanamupatse mbiri yokwanira. Ngakhale dzina lake loyamba, Nyota, kutanthauza nyenyezi, linamveka koyamba pa kanema mu 2009. Strange New Worlds, kudzera mwa Celia Rose Gooding, yatiuza kuti kwawo ndi ku Kenya, kuti makolo ake ndi mchimwene wake anafa pa ngozi, ndiponso kuti amayankhula zilankhulo 37. Palibe chimene achotsa pa Uhura wakale uja. Angodzaza pamene panali pobooka, ndipo tsopano ukamuona mu gawo la 1966 akuyankha mlendo m'Chiswahili nkhope ili ngwee, umamvetsa chifukwa chake.

Kwa amene simunaonerepo ndipo mukufuna kudziyesera nokha, musayambe ndi mndandanda wa zaka, mungatope msanga. Onerani magawo awiriawiri. Yambani ndi The Menagerie, kenako gawo loyamba la Strange New Worlds. Onerani Balance of Terror ya 1966, kenako A Quality of Mercy ya 2022, imene ikufotokoza tsiku lomwelo koma pa mpando pali kaputeni wina. Onerani Space Seed, kenako Tomorrow and Tomorrow and Tomorrow. Mukatero mudzaona nokha pamene atsopano alemekeza akale, ndi pamene angodutsa ndi nsapato pa mphasa.

Tisanatseke, ntchito yanu ya sabata ino. Mawu a nthawi ndi awa: dzana, dzulo, lero, mawa, mkuja. Pa zakale timati anapita, pa zamtsogolo timaika dza pakati n'kunena kuti adzapita. Tsono yesani kufotokoza chiganizo cha Data chija m'Chichewa katatu: mmene akanachinenera iye ali m'zaka za m'ma 2360, mmene akanachinenera woonera wa mu 1990, ndi mmene mungachinenere inu lero. Muona kuti mneni akusintha katatu konse pa nkhani imodzi. Mukatha, imbirani foni munthu wamkulu kwambiri m'banja mwanu, mumufunse kuti pamene anabadwa kunkachitika zotani, ndipo mulembe yankho lake mmene walinenera, osalikonza.

Mutitumizire zimene mwapeza, tidzawerengako zina ulendo wamawa. Amene simukugwirizana nane pa za Burnham, bwerani nazo, khomo ndi lotsegula.